Loboti yaing'ono yonyamula ma wafer: muigawe pati, ndipo musaigawe pati

Mmodzi mwa owerenga athu, amene ndi injiniya wa makina, watumiza imelo yofunsa motere: "Tikufuna kupanga loboti yaing'ono yonyamula ma wafer a mamilimita 300, ya zigawo zoti tizitha kumasula n'kusintha. Tiigawe m'zigawo zingati? Nanga loboti imodzi ingagwire ntchito mumpweya ndi mu vacuum momwe?"

Zikomo kwambiri pofunsa. Kwa osadziwa, wafer ndi chimbale chopyapyala cha silikoni chopangira ma chip a zamagetsi, ndipo vacuum ndi malo ochotsedwa mpweya. Ine ndikuti zigawo zikhale zinayi basi, ndipo nzeru zanu zambiri zithere pamalo pamene zigawozo zikukumana, chifukwa mavuto amabisala pamenepo.

Musanajambule mkono, yambani mwayang'ana wafer. Ya mamilimita 300 m'mimba mwake ndi yochindikala mamilimita 0.775 ndipo imalemera magalamu pafupifupi 128. Kulemerako si nkhani ayi, nkhani ndi mpata. Bokosi losungira ma wafer lotchedwa FOUP limanyamula ma wafer 25 osanjikizana motalikirana mamilimita 10, ndiye pakati pa wafer ndi inzake pamatsala mamilimita 9.2 okha. Chikhatho cha loboti, chimene a ntchitoyi amati end effector, chikachindikala mamilimita 3, chimatsala ndi mamilimita 6 oti chilowe, chikwere pang'ono, chinyamule wafer n'kutuluka osakhudza yapamwamba kapena yapansi. Pa mamilimita 6 amenewo, kuwerama kwa mkono kumadyapo, kunjenjemera kumadyapo, ndipo polumikizira paliponse pamene mwawonjezera pamadyaponso.

Zigawo zinayizo ndi izi: thupi, lomwe limakweza, kutsitsa ndi kuzunguza; mkono wonse kuchokera paphewa mpaka pamfundo ya dzanja; chikhatho; ndi bokosi la controller, kompyuta yoyendetsa loboti. Anthu ambiri amakopeka kuti adule mkono pachigongono kuti azisintha utali wake. Musatero. Mu mkono wa mtundu wa SCARA, womwe umapindika chopingasa, chikhatho chimayenda mowongoka chifukwa cha malamba awiri: pulley (gudumu la lamba) ya paphewa imaposa ya pachigongono kawiri, ndipo ya pamfundo ya dzanja imaposanso kawiri inzake yochokera pachigongono. Mukamasula chigongono, kukungika kwa lamba kumasintha, mano amatha kulumpha limodzi, ndipo chikhatho chimayamba kuyenda mokhota n'kukwecha m'mbali mwa FOUP. Ngati mukufuna utali wosiyana, pangani mikono iwiri kapena itatu yathunthu, yokungidwa ndi kuyesedwa kufakitale, yokhala pa phewa limodzimodzi.

Tsopano za polumikizira. Tayesani masamu awa: mkono ukakhala mopendekeka ndi digiri 0.01 yokha paphewa, kunsonga kwake, pamtunda wa mamilimita 600, umaphonya ndi mamilimita 0.1. Kachitsotso kamodzi kotsalira pansi pa phewa kangathe kuchita zimenezi. N'chifukwa chake mabawuti asakhale ndi udindo woika chigawo pamalo pake. Ntchito ya bawuti ndi kumanga kokha. Malo aziikidwa ndi zikhomo ziwiri, chimodzi chobulungira, china chosemedwa m'mbali chomwe amati diamond pin. Mukaika zobulungira ziwiri, maenje akasiyana ndi mamaikiromita ochepa chabe chigawo chimakakamira, wokonza amachimenya kuti chilowe, ndipo kulondola kwathera pomwepo. Njira yoposa apa ndi ya timipira titatu tokhala m'tingalande titatu tooneka ngati V. FOUP yeniyeniyo imakhala pa zikhomo zitatu mwa njira yomweyi, motsatira muyezo wa SEMI E57, ndipo imabwerera pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Lembaninso mphamvu yomangira bawuti iliyonse ndi ndondomeko yake, poti kumanga mbali imodzi mpaka kumapeto inzake isanagwire kumapendeketsa chigawo.

Palibe mikono iwiri imene imatuluka yofanana ndendende, choncho mkono uliwonse uzikhala ndi kachip kosunga utali wake weniweni ndi poyambira pa encoder yake, kachipangizo koyeza kuzungulira kwa mkono. Controller ikawerenga manambalawo, wokonza safunika kuphunzitsanso loboti malo onse, ntchito imene imaimitsa makina nthawi yaitali. Ngati kusintha mkono kukufunabe kuphunzitsanso zonse, ndiye kuti kugawa kwanu sikunapindule kanthu.

Fumbi nalo limakonda polumikizira. Muyezo wa ukhondo wa mpweya wa ISO 14644-1 umati pa Class 1, gulu laukhondo koposa, tizidutswa ta maikiromita 0.1 kapena kuposa tisapitirire 10 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Mu EFEM, chipinda cha kutsogolo kwa makina momwe loboti imatulutsira ma wafer mu FOUP, mpweya wosefedwa umatsika kuchokera kudenga, ndiye lamulo lake n'losavuta: chilichonse chokhulana chikhale pansi pa wafer. Mawaya ndi timapaipi toyamwira wafer zidutse m'kati mwa shafiti yobooka, zomangidwa bwino kuti zisakwechane, pakuti chikopa cha waya chikamakhulika chimatulutsa fumbi losaoneka ndi maso. Ikani kafani pansi pa thupi koti kazikoka mpweya wa m'kati, kuti pamipata yonse mpweya uzilowa m'malo motuluka. Thupi likamatsika limapopa mpweya ngati mvukuto, ndipo popanda kafaniko limauzira fumbi la m'ma bearing kumene kuli wafer. Girizi akhale wa PFPE, monga Krytox kapena Fomblin, wopakidwa pang'ono.

Kuchepetsa loboti kuli ndi mtengo wake, ndiwo kutentha. Mamota akapanikizana m'thupi laling'ono, kutentha kumakwera mpaka mumkono. Aluminiyamu amatalika mamaikiromita 23 pa mita iliyonse kutentha kukakwera digiri imodzi, ndiye mkono wa mamilimita 500 ukatentha ndi madigiri 10 umatalika mamilimita oposa 0.1. Loboti yophunzitsidwa ili yozizira imayamba kuphonya ikagwira ntchito kwa kanthawi, ndipo anthu amathamangira kuimba mlandu pulogalamu. Muziiyendetsa kaye mpaka kutentha kukhazikike musanaiphunzitse, ndipo ma drive, zipangizo zopereka magetsi ku mamota, akhale m'bokosi la controller, kunja kwa thupi.

Pa funso lachiwiri, yankho ndi ayi. Controller, pulogalamu ndi ma encoder mungagwiritse ntchito kuwiri konse, koma mkono ndi chikhatho sizingatheke. Mumpweya chikhatho chimagwira wafer poiyamwa kapena poipana m'mphepete. Mu vacuum mulibe mpweya woti uikanikizire pachikhatho, kotero kuyamwa sikugwira, ndipo kawirikawiri wafer imangokhala pa timapadi popanda china choigwira. Ngati nambala yoyeza kugwirana kwa wafer ndi timapadi (coefficient) ndi 0.2, mwachitsanzo, liwiro likamawonjezeka kuposa mamita 2 pa sekondi pa sekondi iliyonse, wafer imatsetsereka. Wafer yotentha kwambiri imawononga timapadi ta labala, ndiye pamafunika ceramic, amene amaterera kwambiri, ndipo loboti iyenera kufatsa koposa. Mota nayo ilibe mpweya woiziziritsa, choncho imakhala kunja kwa chipinda cha vacuum, mphamvu yake n'kudutsa pa chotsekera cha ferrofluid (madzi okokedwa ndi maginito) kapena kudzera m'maginito. Ngakhale mabawuti amasintha. Bawuti yomangidwa m'dzenje losabooka imatsekera mpweya kumunsi kwake, mpweyawo n'kumatuluka pang'onopang'ono ngati pali pothonya, akatswiri n'kutaya nthawi kufunafuna bowo limene kulibe. Gwiritsani ntchito mabawuti obooka pakati.

Musanagule mota ngakhale imodzi, pangani polumikizira pa phewa pokha, ndi chitsulo chautali wa mkono choimira mkonowo. Muchimasule n'kuchibwezera maulendo 30, anthu osiyanasiyana atavala magolovesi a mu cleanroom (chipinda chopanda fumbi), mukuyeza kunsonga ndi dial gauge, chida choyezera kusuntha kochepa, kumbali zonse zitatu. Manambala akamwazikana kuposa gawo limene mwapatulira polumikizirapo pa mamilimita 6 aja, konzani zikhomo ndi pokhalira kaye, kenako mupitirize ndi mkono.