Mafunso Anu: Desiki Yokwera ndi Kutsika ya Ofesi ya Kunyumba

FUNSO: Ndine mayi wowerengera ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo ntchito ndimagwirira kunyumba kwanga pa boma la Dedza. Ndimakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, moti msana ndi khosi zayamba kundipweteka. Ndaona pa intaneti madesiki amene amakwera ndi kutsika kuti munthu azigwira ntchito ataimirira, ena amagetsi, ena opukusa ndi dzanja. Kodi ndisankhe yotani poti kuno magetsi amathimathima, nanga ndiyitanitse yathunthu kuchokera ku Johannesburg? Msinkhu wanga ndi masentimita 160.

YANKHO: Amayi, musanayang'ane mtengo kapena dzina la kampani, tengani tepi yoyezera. Imirirani mutavala nsapato zimene mumavala m'nyumba, mapewa ali omasuka, pindani mkono mofanana ndi ngodya ya chitseko, ndipo wina ayeze kuchokera pansi kufika pa chigongono. Muchitenso chimodzimodzi mutakhala pampando wanu, mapazi ataponda pansi bwinobwino. Manambala awiri amenewa ndiwo adzakusankhireni desiki. Kwa munthu wa msinkhu wanu, muyezo woimirira umakhala pafupifupi masentimita 100, ndipo wokhala pansi umakhala chapafupi ndi 65.

Nambala yachiwiriyi ndi imene anthu ambiri amaiwala. Matebulo wamba a mu ofesi amakhala a masentimita 72 mpaka 75, kutanthauza kuti mwina kwa zaka zonsezi mwakhala mukulemba mapewa ali m'mwamba, ndipo kupweteka kwa khosi kungachokere pamenepo. Madesiki okwera amene miyendo yake ili ndi zigawo ziwiri zolowana nthawi zambiri satsika kupitirira masentimita 70, pamene a zigawo zitatu amatsika kufika chapafupi ndi 60 ndipo amakwera kupitirira 120. Inu musankhe ya zigawo zitatu, ndipo muwonjezere kukhuthala kwa thabwa lapamwamba powerengera, chifukwa ogulitsa ena amatchula muyezo wa miyendo yokha.

Pa nkhani ya magetsi, mantha anu ndi omveka, koma vuto lake si lalikulu monga mukuganizira. Mota imagwira ntchito masekondi ochepa okha pamene desiki ikukwera kapena kutsika, ndipo nthawi ina yonse desiki imangoima payokha popanda kudalira magetsi. Akathima, siigwa, imangokhala pamene inali. Choipa chake n'chakuti ngati athima inu mutaimirira, mudzaimirira mpaka abwere, kapena musamukire pa tebulo lodyera. Ngati muli kale ndi sola kapena inveta yoyendetsera kompyuta yanu, funsani amene anakuikirani ngati ingathe kunyamulanso mota ya desiki, ndipo ngati ingathe, gulani yamagetsi ya mota ziwiri, imodzi m'mwendo uliwonse, pakuti imanyamula makilogalamu 100 kapena kupitirira ndipo imakwera mofanana mbali zonse. Ngati mulibe, yopukusa ndi dzanja ndi yokwanira ndiponso yotsika mtengo, koma ndikuchenjezeni kuti kupukusa kambirimbiri pa kusintha kulikonse kumatopetsa, ndipo anthu ambiri amathera poisiya pa muyezo umodzi ngati tebulo wamba.

Mukasankha yamagetsi, werengani zolembedwa pa kabokosi kake koyendetsa mota. Magetsi a m'Malawi ndi a mavoti 230, choncho desiki yopangidwira msika wa ku America wa mavoti 120 okha siyoyenera kuno. Pulagi ya ku South Africa ili ndi mano ozungulira pamene masoketi athu amalandira mano atatu aphwatalala monga a ku Britain, koma limeneli ndi vuto laling'ono limene wamagetsi aliyense angakonze. Chofunika kwambiri ndi chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa kabokosi kameneka kakapsa, simudzapeza kena pamsika wa Dedza.

Za kuyitanitsa yathunthu, ine sindikulangizani kutero. Thabwa lapamwamba ndi lalikulu ndi lolemera, limakweza mtengo wonyamulira komanso msonkho, ndipo kawirikawiri limakhala la utuchi wopanikiza umene umafufuma ukanyowa ndipo umabenthuka m'ngodya pa ulendo wautali. Kunena zoona, n'zoseketsa kuti munthu wokhala m'boma la nkhalango za paini za ku Chongoni alipire ndalama zakunja pogula utuchi. Gulani miyendo yachitsulo yokha, imene imagulitsidwa payokha ndipo imatambasuka m'litali, kenaka kalipentala wanu akupangireni thabwa la masentimita 140 m'litali, 70 m'lifupi, lokhuthala masentimita 2.5 kapena 3. La paini la muyezo umenewu limalemera makilogalamu 12 mpaka 15, zimene sizivuta mota. La mbawa kapena mlombwa ndi lokongola ndi lolimba koposa, ngakhale kuti ndi lodula. Muumirire pa chinthu chimodzi: matabwa akhale ouma kwenikweni. Matabwa aawisi amapindika akamauma, ndipo thabwa lopindika limakoka miyendo kuti ipendeke, mota n'kumavutika. Alipake vanishi pamwamba ndi pansi pomwe, kuti chinyezi cha nyengo yamvula chisalowe mbali imodzi yokha.

Pomaliza pa funso lanu, musayembekezere kuti desiki ichiritse msana. Kuimirira tsiku lonse kumatupitsa mapazi ndi kutopetsa chiuno monga momwe kukhala pansi kumapwetekera, ndipo amayi ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu wa M1 angakuuzeni zimenezi bwino kuposa ine. Katswiri wa kakhalidwe ka thupi pantchito, Alan Hedge wa ku yunivesite ya Cornell ku America, amalangiza kuti pa mphindi 30 zilizonse munthu akhale pansi mphindi 20, aimirire 8, ndipo ayendeyende 2. Yambani pang'onopang'ono. Popeza simenti ya m'nyumba za ku Dedza imazizira koopsa mu June ndi July, yalani kapeti wochindikala kapena mphira pamene muziponda. Ngati ululu ukutsikira m'mwendo kapena mukumva dzanzi, pitani kuchipatala musanagule chilichonse.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Ntcheu, ndipo madzulo ndimakonza ntchito zanga pa laputopu. Ndinagula desiki yamagetsi yogwirapo kale ntchito, koma ikakwera imagwedera, ndipo tsiku lina magetsi atathima ili mkati mokwera inakana kuyendanso. Ndiitaye kapena pali chokonza?

YANKHO: Aphunzitsi, musaitaye. Madesiki ambiri otere amaiwala muyezo wawo magetsi akaduka pakati pa ulendo, ndipo amafuna kuyambitsidwanso. Chotsani zonse zimene zili pansi pake, onetsetsani kuti mawaya onse alowa bwino m'kabokosi, kenaka dinani batani lotsitsa osalisiya mpaka desiki ifike pansi penipeni. Lisiyeni, ndipo mulidinenso kwa masekondi angapo kufikira desiki itatsika pang'ono n'kudzukanso yokha. Dziwaninso kuti mota zimenezi sizinapangidwe kuti ziziyenda mosalekeza: zambiri zimaloledwa mphindi 2 zogwira ntchito ndi 18 zopuma, ndipo ana akamaseweretsa mabatani, desiki imadzitseka yokha mpaka itazizira.

Kugwedera kumachokera kawirikawiri ku zinthu ziwiri, mabawuti omasuka ndi pansi posalingana. Mangitsani mabawuti onse, makamaka olumikiza miyendo ku mapazi ndi ku chitsulo chopingasa, ndipo mupotokole timapazi tapansi mpaka tonse tinayi titaponda simenti mofanana, m'malo moikapo mapepala opinda. Desiki iliyonse imagwederako pang'ono ikafika pamwamba penipeni. Mukafuna kuti wowotcherera zitsulo awonjezere chitsulo chopingasa, asawotcherere pa miyendo yolowana, chifukwa mkati mwake muli mota ndi timapulasitiki totsetserekera timene timasungunuka ndi moto.

Koma ndalama yanu yoyamba isapite ku desiki. Laputopu ili ndi sikirini yolumikizana ndi kiyibodi, kotero manja akakhala pa muyezo woyenera, mutu umawerama, kaya mwakhala kaya mwaimirira. Gulani kiyibodi ndi mawusi zapadera, ndipo mukweze laputopu pa chokwezera kapena pa mulu wa mabuku mpaka m'mphepete mwa sikirini mwapamwamba mulingane ndi maso anu, pa mtunda wa mkono umodzi kuchokera pamene muli. Mumangirirenso soketi ya mawaya ambiri kunsi kwa thabwa, kuti waya umodzi wokha, wautali mokwanira desiki ikakwera, ndiwo uzipita kukhoma.