Funsani Dokotala: Tonse tili ndi HPV, bwanji ine ndekha anditumiza kwina?

Funso: A Dokotala, ndili ndi zaka 36. Ine ndi mng'ono wanga tinakayezetsa khomo la chiberekero ndipo tonse anatipeza ndi kachilombo ka HPV. Iye anamuunika ndi viniga uja n'kumuuza kuti adzabwerenso. Ine pa pepala langa analemba "HPV 16" n'kunditumiza kwa dokotala wina. Kodi ndiye kuti ndili ndi khansa? Nanga kachilombo kamodzi komweko kasiyana bwanji? *Mayi wa ku Lilongwe*

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo. Pepala lanu likunena za kachilombo, silikunena za khansa.

Kachilomboko si kamodzi ayi. HPV lili ngati dzina la mfunda: a Banda ndi ambiri, koma khalidwe lawo si limodzi. Mitundu yake ndi yoposa 200 ndipo uliwonse uli ndi nambala yake. Nambala 6 ndi 11 zimabweretsa njerewere zakumaliseche, zomwe zimanyansa m'maso koma siziyambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Mitundu yoyambitsa khansa ndi khumi ndi ingapo chabe, ndipo 16 ndiye wamkulu wawo. Pa amayi 10 odwala khansayi padziko lonse, pafupifupi 7 khansa yawo imayamba chifukwa cha nambala 16 kapena 18. Dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi anzake ndiwo anatulukira HPV 16 mu 1983, ndipo mu 2008 iye analandira mphoto ya Nobel.

Chimene chimaopsa pa 16 ndi kukakamira. Nthawi zambiri thupi limachotsa lokha HPV pasanathe zaka ziwiri, munthu osadziwa n'komwe. Koma 16 amachedwa kuchoka, ndipo akakhalitsa amasokoneza zomwe zimaletsa maselo a khomo la chiberekero kuchulukana chisawawa. Izi zimayenda pang'onopang'ono, zaka 15 mpaka 20 khansa isanaoneke. Kwa mayi amene chitetezo chake n'chofooka, monga yemwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Mng'ono wanu ayenera kuti ali ndi mtundu wina wosafulumira chotere, n'chifukwa chake anangomupatsa tsiku. Tsikulo asaliphonye.

Ngakhale 16 yemweyo ali ndi nthambi zinayi, A, B, C ndi D, zosiyana pang'ono m'majini. B ndi C zimapezeka makamaka kuno ku Africa, pomwe A ndi yochuluka ku Ulaya ndi ku Asia. Ofufuza aona kuti nthambizi sizilusa mofanana. Mwachitsanzo D imapezeka kawirikawiri pa khansa yoyambira m'kati mwa njira yolowera m'chiberekero, komwe viniga safika bwino. Koma musavutike kufunsa kuti yanu ndi iti. Makina oyezera kuchipatala sanena zimenezo, komanso chithandizo n'chimodzimodzi. Ine sindivomereza zoti amayi a ku Malawi kuno akufa ndi khansayi chifukwa kachilombo kathu n'kolusa kuposa kwina. Chikutimaliza ndi HIV, yomwe imakweza chiopsezo kasanu ndi kamodzi, komanso kufika kuchipatala mochedwa, magazi atayamba kale kutuluka.

Kumene akutumizaniko akaona khomo lonse bwinobwino. Malo amene ayamba kusintha amayera akapakidwa viniga. Akakhala ang'ono amawawotcha ndi kachitsulo kotentha, ntchito ya mphindi zochepa, inu n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Mudzaona madzi akutuluka kwa masabata angapo, ndipo adzakuuzani kuti mudikire kaye pafupifupi mwezi musanakhale malo amodzi ndi bambo. Malowo akakhala aakulu amadula kachidutswa n'kukakaunika. Pitani sabata ino, musadikire kumva ululu, chifukwa matendawa akamayamba sapweteka.

Bambo akunyumba musawaimbe mlandu msanga. Kachilomboka kamatha kukhala zaka zambiri osaoneka, ndipo palibe njira yodziwira kuti kanalowa liti.

Ngati muli ndi mwana wamkazi, onani ngati anabayitsa katemera wa HPV, yemwe boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Amateteza ku 16 ndi 18, nthambi iliyonse. Sateteza ku mitundu yonse, monga 35 yemwe amapezeka kwambiri kuno ku Africa, choncho mtsikanayo akadzakula adzayezetsebe.