Zigoba za nkhanu sizingapulumutse mtedza wonyowa

Mayi wina wopanga chiponde wanditumizira imelo. Akuti anamva zoti zamoyo za m'nyanja ya mchere zimapha chuku, ndiye akufunsa kuti angazigule kuti.

Mayi, mwandikumbutsa zowawa. Tili ana, amayi ankatituma kuwaza madzi pa mtedza madzulo kuti m'mawa usavute kuswa. Zala zinkapumadi. Koma chaka china matumba onse anachita chuku, venda anangopisamo dzanja, kununkhiza, n'kukwera njinga yake. Fizi yanga inali m'matumba momwemo, teremu yonse ndinakhala pakhomo. Ndipo mtedza wokanidwawo sitinautaye ayi, tinasinja nsinjiro n'kumathira mu nkhwani mpaka unatha. Ndikakumbukira thupi limachita tsemwe, poti chuku cha Aspergillus flavus chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo ngakhale muphike chotani sachoka. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya chimanga chotere.

Za m'nyanjazo si bodza. Masiponji (tinyama tomera pa miyala ya pansi pa nyanja) ndi ndere zambiri zikakula zimakhala pamodzimodzi, sizingathawe mdani, choncho zimadzipangira mankhwala odzitetezera, ena mwa iwo olimbana ndi chuku. Koma pa mankhwala a chuku ochokera m'nyanja, wodziwika kwambiri ndi chitosan, amene anthu amapanga kuchokera ku zigoba za nkhanu ndi ma prawns. Akapaka pa sitiroberi kapena malalanje, pamakhala kakhungu kopyapyala kochedwetsa chuku cha Botrytis ndi Penicillium.

Koma apa m'pamene mtima umandiwawira. Kupha chuku m'kambale ka mu labotale n'kwina, thumba la makilogalamu 50 lotsamira khoma lachinyontho mu Febuluwale n'kwinanso. Timakonda mankhwala ochokera kutali chifukwa kuyanika n'kotopetsa, basi. Ngakhale ndere zimene amayi a ku Zanzibar amalima m'nyanja, ogula ake amafunamo carrageenan wolimbitsira zakudya, osati mankhwala a chuku. Wina akabwera ndi kabotolo n'kumati "izi n'za m'nyanja, thirani mu mtedza", mubwezeni. Poizoni akalowa kale, palibe chigoba cha nkhanu chingamuchotse.

Ndiye mutani?

Gulani mtedza wosaswa, wouma moti mukaugwedeza uzilira. Swani nokha, osawaza madzi. Wonyala, wosweka ndi wosintha mtundu tayani, osapatsa ngakhale nkhuku. Matumba akhale pa thandala, asakhudze khoma.