Anandigonjetsa ndi zoona zokhazokha

Achimwene, funso lanu loti mungadziwe bwanji ngati mfundo za munthu zili ndi mutu kapena akungokuzunguzani ndi pakamwa landitosa pachilonda. Ndikulemba manja akunjenjemera.

Ine dimba la mayi anga ku Dedza linatsala pang'ono kupita chifukwa cha zomwezi. Mayi atangomwalira, atsibweni anga, obadwa nawo bere limodzi, analowa m'dimba la kachewere lija m'mphepete mwa Linthipe n'kuyamba kulima ngati lawo. Kwathu malo amatsata kuchikazi, nonse a chigawo chapakati mukudziwa. Mwinimbumba ntchito yake n'kuyang'anira, osati kudya. Nkhani inakafika kubwalo kwa amfumu.

Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Anthu tho pansi pa mtengo, azimayi pamphasa mbali iyi, ine mpango wakuda ukadali kumutu. Atsibweni anaimirira chipewa kumanja, mawu ofatsa ngati mkulu wampingo. Akuti mwana uyu amakhala ku Lilongwe, khasu analigwira komaliza ali sitandade 8. Akuti mayi ake akudwala amene ankawapalasa panjinga kupita kuchipatala ndine. Akuti pamaliro anafika bokosi litatuluka kale m'nyumba. Akuti mudzi wonse ukudziwa kuti dimbali ndi langa, komanso lamulo latsopano la malo likuti wolima ndiye mwini. Potseka anaponya mwambi, mawu a akulu akoma akagonera. Anthu m'manja, nthungululu!

Ndiye ine kupusa kwake, ndinangoyamba kulira. Ndinafotokoza za minibasi imene inatifera pa Nathenje, za ndalama zimene ndinkatumiza pafoni mwezi uliwonse, za mankhwala amene ndinkagula. Nthawi yonse imene anandipatsa inathera pa maliro. Dimba sindinalitchule ngakhale kamodzi. Amfumu anati atsibweni apitirize kulima kaye. Munthu ameneyu, amene mayi ankamupatsa thumba la chimanga chaka chilichonse cha njala! Mpaka lero ndikamva mawu ake pafoni mtima umachita kuwira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, n'zoona.

Madzulo ake aphunzitsi ena opuma pantchito anandiitanira pakhonde pawo. Anati mwana wanga, atsibweni ako sananame kwenikweni, vuto ndi lakuti zoona zawozo sizikufika pa dimba. Anandiuza kuti munthu akamatsutsana nawe uzipatula zinthu zitatu: chimene akufuna uvomere, zifukwa zimene wapereka, ndi mlatho wochoka pa zifukwazo kukafika pa chimene akufunacho. Tinayesa chimodzichimodzi. Ndinachedwa kumaliro, inde, ndiye kuchedwa kumasintha mwini malo? Kumeneko n'kumenya munthu m'malo moyankha nkhani. Anasamala wodwala, zikomo, koma kudwazika si kugula. Mudzi wonse ukudziwa, chabwino, atchule anthu awiri amene analipo pogawa. Mwambi uja ukungonena kuti iwo ndi aakulu, sukunena kuti akulondola. Nanga lamulo? Lilipodi lamulo la 2016 lokhudza malo a m'midzi, lokamba zolembetsa malo kudzera m'makomiti, koma munthu akabisala kuseri kwa lamulo umufunse kuti ndime yake ndi iti. Pa mfundo zisanu ndi imodzi zija, zokhudza dimba zinali ziwiri basi, ndipo zonse ziwiri zinalibe umboni.

Tinapemphanso bwalo. Ndinakonzeka bwino, mafunso anga papepala, mtima m'malo. Ndinafunsa modekha kuti anakupatsani dimbali ndani, liti, pamaso pa ndani. Atsibweni anayambiranso za njinga. Ndinafunsa za ndime ya lamulo, anangoti ndinamva pawailesi. Komabe anthu anali chete, ena akundiyang'ana ngati mwana wamwano. Zinthu zinatembenuka pamene mayi aang'ono anadzambatuka pamphasa, kumanga chitenje, n'kuyamba kukalipa kuti senjere wa m'malire uja ndinabzala ndine ndi malemu, iwe uli kuchikamwini kwa akazi ako! Anakuwa mpaka mawu kusasa. Bwalo lonse kuseka, atsibweni mutu pansi. Dimba linabwerera.

Ndiye achimwene, musamapse mtima pokangana, mkwiyo ndi umene unandigwetsa ulendo woyamba. Muzifunsa kuti zimenezi zikugwirizana bwanji ndi nkhani tili nayoyi, ndipo mwadziwa bwanji. Mfundo zanunso muziyese ndi muyeso womwewo musanatsegule pakamwa, chifukwa ndalama zanga za pafoni zija nazonso sizinali umboni wa dimba. Koma ngati nkhani yanu ndi ya pachibale, mapepala okha sakwanira ayi. Pitani ndi munthu wodziwa kukuwa.