Kodi liwu lakuti gillulim limatanthauzadi ndowe?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti mlaliki wa kumpingo kwawo ananena kuti liwu la Chiheberi limene timaliwerenga kuti "mafano" limatanthauza ndowe, ndiye akufunsa ngati ndi zoona kapena kunali kungothira mchere ulaliki.

Mayi, mlalikiyo sananame, kungoti si fano lililonse m'Baibulo limene limatchedwa choncho. Pali pesel, fano losema. Pali massekah, lachitsulo chosungunula. Yesaya ankakonda elilim, kutanthauza zachabechabe. Limene munamva inu ndi gillulim, lopezeka ka 48 m'Chipangano Chakale, ndipo ka 39 mwa amenewa ndi m'buku la Ezekieli lokha.

Akatswiri amagawanika pawiri. Ena amati linachokera ku galal, kugubuduza, ngati chipika kapena mwala wopanda moyo umene munthu amaukunkhuniza. Ena amaliona ngati m'bale wa gel, mbulu wa ndowe kapena chimbudzi. Rashi, mphunzitsi wachiyuda wa ku Troyes amene anamwalira mu 1105, pofotokoza Deuteronomo 29 anati mafanowo ndi onunkha, onyansa ngati ndowe. Palinso oti katchulidwe kake anakatengera dala ku shiqqutsim, zonyansa, kuti liwulo lizimveka ngati chitonzo.

Ineyo ndili mbali ya ndoweyo, chifukwa cha Ezekieli mwini wake. Munthuyu anali wansembe, wotengedwa ukapolo kupita ku Babulo mu 597 BC pamodzi ndi Mfumu Yehoyakini, ndipo wansembe amaganiza za choyera ndi chodetsedwa usana ndi usiku. Pa chaputala 4, atauzidwa kuti aphike mkate pa chimbudzi cha anthu, liwu lomwe lija la gel lili pomwepo, ndipo iye anadandaula mpaka analoledwa kusonkhezera ndowe za ng'ombe. Munthu wotere sakanatchula gillulim osamva fungo lake. Taonaninso mmene amaligwiritsira ntchito: kawirikawiri amaliika pafupi ndi mawu akuti kudzidetsa. Pa 8:10 mafanowo ajambulidwa pakhoma la kachisi limodzi ndi zokwawa. Pa 36:25 Mulungu sakuti adzawaswa, koma akuti adzawaza anthu madzi oyera kuti awatsuke. Chipika sichifuna kusamba m'manja ukachigwira.

Chenjerani pang'ono pokha: omasulira akale a Chigiriki sanalembe ndowe, nthawi zambiri anangoti eidola, kutanthauza mafano, ndipo Mabaibulo ambiri anatsata njira yomweyo. Choncho mukapeza "mafano" chabe m'Baibulo lanu, musati omasulira anabisa kanthu.