Mowa wakuda wa alamu anu: wawonongeka kapena ndi mmene umakhalira?

Bambo wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, wandilembera imelo. Akuti alamu awo, amene amagwira ntchito ku Moatize, ayamba kufulula mowa wa m'mabotolo kunyumba, ndipo awapatsa mabotolo angapo a mtundu wa dry stout. Atatsegula limodzi anapeza mowa wakuda bii, wowawa, wopanda kakutsekemera kamene anazolowera mu Laurentina Preta, mowa wakuda wa ku Mozambique. Akufunsa ngati mowawo wawonongeka, komanso kuti akawayankhe chiyani alamuwo, poti akudikira kumva maganizo awo.

Bambo, Laurentina Preta muyiike kaye pambali. Imeneyo si stout, ndi mtundu wina wa mowa, lager yakuda, ndipo imafululidwa kuti izitsekemererako. Dry stout kwawo ndi ku Ireland, ndipo yodziwika kwambiri ndi Guinness, imene kampani yake inayamba mumzinda wa Dublin mu 1759. Kuda kwake kumachokera ku balere wosameretsa amene amamukazinga mpaka kuda, n'kumuthira pang'ono chabe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mbewu zonse. Kenako yisiti imadya shuga wambiri amene anali m'chimera, kotero mowa ukapsa sutsala ndi kutsekemera. Kuwawa mwakumvako pakokha si umboni woti wawonongeka. Ndiponso kuda sikutanthauza ukali: Guinness Draught ili ndi mphamvu ya 4.2 peresenti basi. Ya 7.5 peresenti imene amafulula ku Nigeria ndi mtundu wina, Foreign Extra Stout.

Ndikukupemphani kuti botolo lachiwiri mulilawe mwa njira ina. Ife kuno ku Tete timafuna mowa wozizira mpaka botolo lituluke thukuta, ndipo ndi kutentha kwathuku palibe angatinene. Koma stout ikazizira kwambiri fungo lake limabisala, mumangomva kuwawa kokha. Itulutseni mufiriji ikhale kaye patebulo mpaka ifike madigiri 10 kapena 12. Tambula ikhale yotsukuluza bwino, chifukwa sopo ndi mafuta zimapha thovu. Thirani pang'onopang'ono, nsenga za yisiti zitsale pansi pa botolo. Mukatero kwezani tambulayo pawindo: m'mphepete mwake muona kuti mowawo si wakuda kwenikweni, ndi wofiirira kwambiri. Thovu likhale lotuwira ngati khofi wamkaka, ndipo lisathe msanga. Musawaweruze alamu anu chifukwa thovu lawo silokhuthala ngati la Guinness, popeza lija limabwera ndi mpweya wa nitrogen umene kampaniyo inayamba kugwiritsa ntchito mu 1959, pamene mowa wakunyumba umadalira mpweya wa yisiti wokha.

Musanamwe, nunkhizani. Muyenera kumva khofi wokazinga, mwinanso kachokoleti chakuda patali. Ndiye imwani pang'ono, muuyendetse m'kamwa, mumeze, kenako dikirani osalankhula. Ine stout ndimaiweruza pamenepa, pa zimene zimatsala mowa utadutsa kukhosi. Yabwino imasiya kuwawa koyera kumene kumazilala pang'onopang'ono, m'kamwa n'kuuma pang'ono, moti dzanja limabwerera lokha kutambula. Yolakwika imasiya phulusa palilime, kapena imakwinyitsa m'kamwa ndi kukanda kukhosi. Aliyense amene anadyapo mtedza amadziwa kusiyana kwa wokazinga bwino ndi wopserera, ngakhale yonse ili yoderapo. Ngati wa alamu anu wagwera kopsererako, mwina anachulutsa balere wokazingayo, kapena anatsukuluza chimera ndi madzi otentha mopitirira.

Chimene ndikuchiopa kwambiri mu nkhani yanuyi ndi Moatize. Yisiti ya mowa wotere imagwira ntchito bwino pa madigiri 18 mpaka 20, pamene m'chigwa cha Zambezi, mmene muli Moatize, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Yisiti ikawira pa kutentha kotero imatulutsa fungo lobaya mphuno, la mankhwala ochotsera utoto m'zikhadabo, ndipo mowa wa 4 peresenti umaotcha kukhosi ngati uli ndi mphamvu zambiri. Mukamva zimenezo, vuto si balere ayi, ndi malo amene chigubu chofululiramo chinakhala.

Zolakwika zina n'zosavuta kuzizindikira. Fungo la kuchipatala kawirikawiri limachokera ku klorini wa m'madzi a pampopi. Fungo la batala limasonyeza kuti anauchotsa pa yisiti msanga usanamalize. Kuwawasa kwa viniga, makamaka ngati botolo likusefukira lokha mukangotsegula, ndiye kuti tizilombo tinalowa chifukwa ziwiya sizinatsukidwe mokwanira, ndipo botolo limenelo ndi lowonongekadi. Koma kakuwawasa kapatali, kongomveka kumapeto, kamachokera ku balere wokazinga ndipo n'kololedwa.

Tsopano za alamu anu. Chonde musakangowauza kuti "uli bwino" pofuna kusunga chibale. Munthu amene watsuka mabotolo limodzilimodzi, n'kudikira milungu ingapo kuti mowa upse, akufuna kumva zenizeni. Auzeni zimene maso anaona, zimene mphuno inamva, ndi zimene zinatsala mutameza, chilichonse pachokha. Ngati mwamva fungo lobaya lija, alangizeni kuti azifulula mu Juni ndi Julayi, chigubu chikhale m'beseni la madzi atachikulunga ndi nsalu yonyowa, m'chipinda chosafika dzuwa. Kapena apempheni adzafululire kwanu ku Angónia kumene kumazizira, inu muziyang'anira chigubucho mpaka mowa upse.