Funsani Mlangizi: Mbuliwuli yanga yasiya kuphulika, chavuta nchani?

FUNSO: Zikomo a Mlangizi. Ine ndimagulitsa mbuliwuli padepoti kuno kwathu. Nditatopa ndi kukwera mtengo kwa chimanga chake mushopu ndinangotenga chamupaketi chomwecho nkudzala mizere ingapo mphepete mwa munda wa chimanga chathu choyera. Chinabereka ndithu ndipo chimaphulika bwinobwino, nde ndinasungako mbewu nkudzalanso. Koma cha ulendo uno eee, pafupifupi theka chikungopserera mumpoto, china chikungong'ambika pang'ono basi koma cholimba gwa. Anzanga ena akuti ndi feteleza ena akuti ndi nthaka. Thandizeni chonde, bizinesi ikulowa pansi. Mayi wa ku Mchinji

YANKHO: Pepani mayi, koma feteleza musamunamizire, nthakanso ayi. Vuto lili mumbewumo ndipo linalowa chaka choyamba chomwe chija pamene inu mumaona ngati zonse zili bwino.

Tiyambe ndi mmene njere imaphulikira. Mkati mwa njere ya mbuliwuli muli ufa wolimba kwambiri ndi timadzi pang'ono, kunja kuli khungu lokhuthala, lomwe lija limasanduka gaga tikamakonola chimanga wamba. Mukaika pamoto timadzi tija timasanduka nthunzi koma khungu silikulola kuti ituluke, nde mphamvu imangochulukira mkatimo mpaka kufika cha m'ma 135 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya), kuposa kanayi mpweya wa mutayala la galimoto yaing'ono, ufa uja wafewa kale ndi kutentha, kenako khungu likang'ambika zonse zimafufuma kamodzi nkuuma pompo. Asayansi awiri a ku France, Virot ndi Ponomarenko, anayeza mu 2015 nkupeza kuti pa madigiri 170 zimaphulika njere 34 pa 100 zilizonse koma pa 180 zimafika 96. Ndipo ku Purdue University ku America, gulu la Bruce Hamaker mu 2005 linaonetsa kuti mitundu yomwe khungu lake limatsekera bwino chinyezi likatentha ndi imene imasiya njere zochepa zosaphulika. Nde mukuona kuti nkhani yonse yagona pa khungu ndi kulimba kwa ufa wamkati, ndipo ziwiri zonsezi chimanga chimatengera kumtundu.

Chovuta nchakuti si jini imodzi (kanthu kamene kamanyamula khalidwe lotengera kwa makolo) yomwe imalamula kuphulika ayi. Ndi majini ambirimbiri omwazikana, iliyonse kuwonjezerako kachigawo kake, ina kukhuthala kwa khungu, ina kuchepa kwa njere, ina kulimba kwa ufa. Nchifukwa chake mbuliwuli ikakwatirana ndi chimanga wamba mwana wake amangokhala chapakatikati, ndipo chapakatikati pa nkhani imeneyi ndi chimene mukuchiona mumpotocho.

Tsopano zomwe zinachitika mmunda mwanu ndi izi. Mungu wochoka ku ngayaye za chimanga choyera chija unauluka ndi mphepo nkugwera pa ndevu za mbuliwuli. Chaka chimenecho simukanadziwa chifukwa khungu la njere limapangidwa ndi mayi yekha, phesi lomwe laberekalo, bambo sakhudzako, komanso ufa wamkati umatenga magawo 2 kwa mayi ndi gawo 1 lokha kwa bambo. Nde njere zinaoneka zabwinobwino nkumaphulika, koma kamluza kamkati kanali kosakanizika kale. Mutadzala, mapesi osakanizikawo ndi amene anakula mwamphamvu kuposa anzawo, ataliatali, zitsononkho zikuluzikulu, poti mitundu iwiri yotalikirana ikakumana mwana amakula mojintcha, nde ngakhale akanakhala ochepa mmundamo ndiwo anadzaza thumba. Ndikhulupirira kuti mutakumbukira bwino munaona mapesi ena otalika modabwitsa, komanso mwina chaka choyamba munapeza tinjere tachikasu apo ndi apo pa zitsononkho za chimanga choyera, umenewo unali mungu wa mbuliwuli utapita mbali inayo.

Apa ndikupempheni ndi mtima wonse, pazokolola za ulendo unozi musasankhe mbewu potengera kukula kwa chitsononkho mmene timachitira ndi chimanga chakudya. Mukatero mukhala mukusankha dala zosakanizika zomwezo. Ngakhale akatswiri obereketsa mbewu amalimbana ndi vuto lomweli, mtundu ukamachulutsa zokolola kuphulika kumatsika, ndipo ntchito yawo yambiri ndi yofuna kuti ziwirizi ziyendere limodzi.

Mwina wina anena kuti mbuliwuli paja imakana mungu wachilendo. Zoona, mitundu yambiri ya ku America ili ndi jini yotchedwa Ga1 imene imapangitsa ndevu kukana mungu wa chimanga wamba, ndipo nchifukwa chake alimi akumeneko amatha kudzala minda moyandikana. Koma si mitundu yonse ili nayo, ndipo paketi ya mushopu sikuuzani zimenezo, nde musadalire.

Palinso china, chamupaketicho kawirikawiri chimakhala chokololedwa ku haibulidi, kutanthauza kuti mukadzala ana ake amabalalika, wina chonchi wina chonchi. Mahaibulidi a mbuliwuli anayamba kale, woyamba kugulitsidwa anali Minhybrid 250 wa ku Minnesota mu 1934. Koma kubalalika kumeneku kokha sikungakupatseni theka losaphulika poti makolo onse awiri ndi mbuliwuli, chomwe chimatsika kwambiri ndi zokolola.

Chochita nchotani? Yambiraninso ndi mbewu yatsopano, ndipo mudzale patali ndi chimanga china, mamita 200 kapena kuposa. Ndikudziwa kuti m'midzi yathu minda ndi yogundana nde njira yophweka ndi kusiyanitsa nthawi, masabata 3 kapena 4, kuti ngayaye zisatulukire limodzi, kapena kudzala kudimba nthawi ya chilimwe ngati oyandikana nawo sanadzale chimanga. Mukakolola tengani zitsononkho zambiri ndithu osati ziwiri zitatu, chilichonse tong'olani pachokha ndi manja, tapani supuni imodzi pa chilichonse nkukazinga payokha, kenako thirani mukapu muone kuti chadzaza kwambiri ndi chiti. Zotsala za zitsononkho zopambanazo ndiye mbewu yanu. Ndi ntchito yotopetsa inde koma kuphulika ndi khalidwe lomwe limamvera kusankha, mbuliwuli yabwino ya kampani imafufuma mpaka ka 40 kukula kwake ndipo anafikapo posankha chaka ndi chaka chonchi.

Musanataye thumba lomwe mulinalo yesani kaye chinyezi, chimafunika chikhale cha m'ma 13 mpaka 14.5 peresenti. Chikauma mopitirira padzuwa la Okutobala chimangong'ambika osafufuma. Ikani makapu angapo mubotolo lotseka bwino, thiranimo supuni imodzi yamadzi, khutchumulani, musiye masiku 3 kapena 4 mukugwedeza tsiku lililonse kenako yesaninso. Ngati njere zing'onozing'ono zayamba kuphulika koma zikuluzikulu zaphwatalala zikukanabe, zimenezo ndi zosakanizika zija, sefani nkupatsa nkhuku kapena kugayitsa. Muonenso anankafumbwe, njere ikabooledwa basi nthunzi yapeza potulukira.

FUNSO: A Mlangizi, chimanga chamakolo tikamakazinga pachiwaya njere zina zimathetheka nkuyera. Kodi sizingatheke kuchisandutsa mbuliwuli yathuyathu kuti tisiye kuitanitsa kunja? Mnyamata wa ku Ntcheu

YANKHO: Achimwene mwaona bwino. Chimanga chamakolo ndi cholimba mkati, ndipo mbuliwuli ndi m'bale wake weniweni, zonse zili mgulu la chimanga cholimba njere chotchedwa flint. Kulimba komweku ndi kumene amayi amakondera pokonola poti mphale imatuluka yambiri, mpaka akatswiri a ku Chitedze anachita kutulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990 kuti haibulidi akhale wolimbirako ngati chamakolo. Koma njere zake ndi zazikulu, pakati pali ufa wofewa wambiri, khungunso silitsekera nthunzi mokwanira, nde chimangothetheka basi.

Kutheka nkotheka koma njira yake si kungosankha mu chamakolo chokhachokha. Obereketsa mbewu amakwatitsa chamakolo ndi mbuliwuli, mwanayo nkumubwezanso kwa mbuliwuli kangapo, m'badwo uliwonse akukazinga ndi kuyeza, kuti atengeko kupirira matenda ndi nyengo zakuno koma kuphulika kubwerere mwakale. Ku University of Nebraska gulu la David Holding linayenda njira ngati yomweyi polowetsa jini ya opaque-2 mu mbuliwuli kuti ikhale ndi lysine wambiri (chimodzi mwa zomanga thupi), ndipo zinawatengera zaka zingapo kuti njere zikhalebe zolimba zophulika. Ine ndingakonde kwambiri ophunzira athu a ku LUANAR atazitengera, poti ana asukulu ndi apaulendo akudya mbuliwuli tsiku ndi tsiku. Inuyo ngati mukufuna kuyesa pakhomo, sungani mzere umodzi wa mbuliwuli yeniyeni pawokha chaka chilichonse kuti mukhale ndi pobwezera, ndipo pa mapesi amene mukufuna akhale mayi muzithyola ngayaye zisanayambe kugwetsa mungu.